Funso la 87

Usiku wa Lachinayi ku Brno.
Sitima yomaliza ya mumsewu yadutsa ikukukuta njanji,
chipale chofewa chakwirira njinga pabwalo,
ndipo ine Radka, wa chipinda chapansi,
ndatsala ndi injini zisanu ndi khofi wozizira.

Si injini za mafuta izi,
zilibe utsi, sizidetsa manja.
Ntchito yake n'kutuma mauthenga pa intaneti:
iwe thamangira kubanki,
iwe kasuzumire kosungira katundu,
iwe khala pompo mpaka anzako abwere.
Zonse n'zaulere, mimba zili pamtunda,
wofuna angatsegule n'kuwerenga matumbo.
Ndipo iliyonse inadzilemba pachipumi:
ndimatsata muyezo.

Ali dere n'kulinga utayenda naye.

Muyezowo ndili nawo pano,
buku lonenepa, lopindika m'makona,
lothimbirira pamene Vojtěch anakhazikapo kapu.
Ndinalisenda ndime ndi ndime, miyezi inayi,
n'kutulutsamo mafunso zana ndi makumi atatu.

Yoyamba yayankha msanga, yalakwanso msanga.
Yachiwiri ndaiuza kuti idikire masekondi awiri;
ndakatsuka kapu, ndabwerako, ikudikirabe.
Yachitatu ndiyo yandiwumitsa thupi:
ndaipatsa dala uthenga wothyoka,
yameza, yapukuta pakamwa,
n'kunena kuti zonse zili bwino.
Yachinayi yakana ndi kutsegula komwe kalata.
Yachisanu yayenda nane bwinobwino
mpaka pa funso la 87.

Funsolo ndi ili.
Munthu wagula nsapato, banki yadula ndalama,
kenaka zadziwika kuti galimoto yonyamula palibe.
Masula zonse, kuyambira mfundo yomaliza kumanga.
Iyo yamasuladi,
koma yayambira kumutu.
Ndaipaka kofiira.

Injini imeneyi ilibe mwini weniweni.
Ili ndi Otávio wa ku Recife,
amene amaisamalira usiku mwana akagona,
wopanda womulipira, wopanda womuthokoza.
Ndamulembera mwaulemu, mano ndili gwa.
Yankho lafika khofi wachiwiri asanawire:
"Tsamba 131, mzere wachinayi. Werenganso.
Akuti ingathe. Sakuti iyenera."

Ndawerenganso.
Kachitatu ndayendetsa chala pansi pa mawuwo
ngati mwana wa sitandade wani.
Amene anasula bukuli anakangana mpaka malovu kuuma,
ndipo pamene anatopera
anasiyapo kadzenje, liwu limodzi basi,
momwe ine ndi Otávio tagweramo
wina kuchokera uku, wina uko.

Tebulo langa limadziwa mitundu iwiri yokha.
Ndafufuta kofiira kaja.
Kobiriwira dzanja lakana.
Kabokosi katsala kali mbee
pakati pa anzake ovala.

Mawa Vojtěch adzalowa akukutumula chipewa,
adzati, ndiye yapambana ndi iti?
Kuli kampani ku Ostrava ikudikira yankho,
ikufuna kusamuka pa yachiwiri kupita pa yachisanu,
ikuyesa n'kungonyamula fayilo
monga muja unyamulira mpando kupita nawo chipinda china.
Ndidzamuonetsa mizere imene zonse zisanu zavomerezana:
makumi anayi ndi umodzi.
Mlatho wonse ndi umenewo.
Wowoloka aonde kaye,
asiye katundu wina tsidya lino.

Sindikuzida ayi.
Zinamangidwa ndi anthu ojomba tulo,
aliyense ndi buku lomweli pamiyendo,
aliyense akukhulupirira kuti walimva.
Inenso ndinkatero mpaka ola lapitali.

Kunja kwayamba kuyera.
Wokolopa wafika, ndowa yake ikulira m'khonde,
sitima yoyamba yayatsa maso pakona.
Ndikuvala jekete pamene kalata ina yagwa:
"Koma pa 92 ndiye ndalakwadi ine.
Ndikonza Loweruka, mwana akachira chifuwa."

Ndazimitsa magetsi.
Pakona, kawindo kamodzi kakuphethirabe:
yachiwiri ija,
yokhulupirika m'kusamva kwake,
ikuwerengabe masekondi awiri.